Foni, wailesi kapena buku: kodi mwana azisankha yekha chophunzirira?



M'makomo ambiri a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Makanjira ndi ku Monkey Bay mpaka ku Salima ndi ku Nkhotakota, foni yasanduka nkhani ya tsiku ndi tsiku pakati pa makolo ndi ana a sukulu. Mwana uyu akuti aphunzitsi atumiza manotsi pa gulu la WhatsApp. Uyo akuti masamu amawamva bwino akaonera vidiyo pa YouTube kusiyana ndi kuwerenga buku. Winanso akupempha memori khadi yoti aikemo masurah oloweza. Kholo limafuna kuthandiza, koma silidziwa ngati bandulo imene lagula ikuthera pa maphunziro kapena pa TikTok.

Tikathedwa nzeru, ambiri a ife timatsata imodzi mwa njira ziwiri. Ena timalanda foni n'kunena kuti, "Werenga buku monga tinkachitira ife." Ena timangomusiyira mwana, makamaka foniyo ikakhala yoti anatumiza bambo ake kapena amalume ake kuchokera ku Joni, poganiza kuti zamakonozi ana amazidziwa kuposa ife. Njira zonse ziwiri zili ndi kuipa kwake, ndipo kuipako kumaoneka mochedwa, tsiku limene bungwe la MANEB latulutsa zotsatira za mayeso.

Funsoli lavutitsanso aphunzitsi ndi makolo a m'mayiko ena, ndipo akatswiri a maphunziro akhala akulifufuza kwa zaka zambiri. M'nkhani ino tifotokoza zimene anapeza ku America, ku Romania ndi kwathu konkuno ku Lilongwe, kenaka tione mmene tingazigwiritsire ntchito pakhomo. Mutu wa zonse ndi uwu: mwana asankhe chida, koma zimene ayenera kudziwa, ndi njira yoonera ngati wazidziwadi, zikhale m'manja mwa kholo ndi mphunzitsi.

Zinthu zitatu zimene timazisokoneza

Pa kuphunzira kulikonse pamakhala zinthu zitatu. Choyamba ndi cholinga, chimene mwana ayenera kudziwa pofika tsiku lakuti: kuchulukitsa manambala, kulemba kalata m'Chingerezi, kufotokoza mmene magazi amayendera m'thupi. Chachiwiri ndi chida, chimene mwana agwiritse ntchito kuti afike pamenepo: buku, kope, wailesi, foni ya mabatani, foni yamakono, tabuleti kapena kompyuta. Chachitatu ndi muyeso, njira yoonera ngati cholinga chija chakwaniritsidwa.

Msodzi akhoza kusankha mbedza, matchera kapena chilimira malinga ndi nyengo ndi nsomba imene akufuna. Palibe amamutsutsa pa kusankhako. Koma m'mawa pa doko anthu amayang'ana zimene zili m'bwato.

Cholinga cha mwana wa sukulu chinalembedwa kale mu silabasi ya Unduna wa Zamaphunziro. Muyeso womaliza nawonso ndi wodziwika: mayeso a Sitandade 8, a Fomu 2 ndi a Fomu 4 amalembedwa ndi cholembera pa pepala, ndipo foni siloledwa m'chipinda cha mayeso. Chotsala ndi chapakaticho, chida, ndipo ndi pokhapo pamene nkhani ya kusankha ili.

Tikumbukirenso kuti zida zimene zilipo m'makomo mwathu ndi zowerengeka. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja okhala ndi foni anangoposa pang'ono theka la mabanja onse m'Malawi, okhala ndi wailesi anali banja limodzi mwa atatu alionse, ndipo ounikira ndi magetsi anali pafupifupi 11 pa 100 alionse. Mafoni achuluka kuchokera nthawi imeneyo, koma m'nyumba zambiri foni ikadali imodzi, yotchajitsa kumsika kapena pa sola, ndipo ana ofuna kuigwira ndi angapo.

Ubwino wa kusankha

Mu 1996, ofufuza awiri a ku America, Diana Cordova ndi Mark Lepper, anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anachita ndi ana a pulayimale. Anawo ankaphunzira masamu kudzera m'masewera a pa kompyuta. Ana ena analoledwa kusankha tinthu ting'onoting'ono, monga chithunzi cha chombo chimene akuyendetsa m'masewerawo ndi dzina la chombocho. Anzawo anangopatsidwa zosankhidwa kale. Masamu anali omwewo kwa onse. Atayesedwa pambuyo pake, ana amene anasankha anakhoza bwino kuposa anzawo, ndipo masewerawo anawakonda kwambiri.

Mu 2008, Erika Patall ndi anzake awiri anasonkhanitsa akafukufuku 41 a mtundu womwewu n'kuwaunika pamodzi. Anapeza kuti munthu akapatsidwa mpata wosankha, chidwi chake pa ntchito chimakula, amalimbikira kwambiri, ndipo ntchitoyo amaigwira bwino.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Ntchito imene wadzisankhira njira yake umaiona ngati yako. Mwana amene wanena yekha kuti, "Mutu uwu ndiuphunzira ndi vidiyo," zimamuvuta kudzanena mawa kuti anachita kumukakamiza. Komanso ana amasiyana pa zosowa zawo. Amene Chingerezi chimamuchedwetsa amapindula ndi vidiyo chifukwa akhoza kuibweza kangapo mpaka amve, chinthu chimene sangachite ndi mphunzitsi amene ali ndi ana oposa 100 m'kalasi. Amene maso amamuwawa akayang'ana foni nthawi yaitali, buku limamuyanja. Mtsikana amene madzulo amakhala kukhitchini akhoza kumvetsera phunziro lojambulidwa manja akutsuka mbale. Zinthu zoterezi mwana amazidziwa msanga kuposa kholo lake.

Koma kusankha kuli ndi malire ake. Mu 2000, Mark Lepper yemwe uja pamodzi ndi Sheena Iyengar anafalitsa zimene anapeza pa ophunzira a pa yunivesite ya Stanford. Ophunzirawo anauzidwa kuti amene akufuna malikisi oonjezera alembe chimangirizo. Ena anapatsidwa mitu 6 yoti asankhepo, ena mitu 30. Mwa amene anapatsidwa mitu 6, ophunzira 74 pa 100 alionse analemba. Mwa amene anapatsidwa mitu 30, analemba 60 pa 100 alionse, ndipo zolemba zawo zinali zotsikirapo. Kuchuluka kwa zosankha kunafooketsa anthu akuluakulu a ku yunivesite. Nanga mwana wa Fomu 1 amene wagwira foni ya intaneti, mmene muli mavidiyo, magulu ndi masewera osawerengeka? Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Chokoma pophunzira ndi chokhalitsa m'mutu

Pali chifukwa china, chachikulu kuposa ichi, chimene sitiyenera kumusiyira mwana zonse. Wophunzira nthawi zambiri sazindikira njira imene ikumuthandizadi.

Mu 2006, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke a pa Washington University mumzinda wa St. Louis ku America anapatsa ophunzira nkhani yaifupi yoti aidziwe. Gulu lina linaiwerenga mobwerezabwereza m'zigawo zinayi za mphindi zisanuzisanu. Gulu lina linaiwerenga chigawo chimodzi chokha, ndipo m'zigawo zitatu zotsalazo nkhaniyo inachotsedwa, iwo n'kumalemba pa pepala zonse zimene akukumbukira. Atafunsidwa kuti akuganiza kuti adzakumbukira zochuluka bwanji pakatha sabata, owerenga mobwereza aja ndi amene anadzidalira kwambiri. Ndipo atayesedwa patangotha mphindi zisanu, anaonekadi opambana: anakumbukira mfundo 83 pa 100 zilizonse, pamene anzawo anakumbukira 71. Koma patatha sabata zinthu zinatembenuka. Owerenga mobwereza anatsala ndi mfundo 40 pa 100, pamene odziyesa aja anali ndi 61.

Njira yosavuta imamunamiza munthu kuti wadziwa. Vidiyo ya mphunzitsi waluso amene akuwerengera samu pa bolodi mosadodoma imakoma kuonera, ndipo mwana amadzuka ali wokhutira kuti wamva. Mupatseni samu yofanana nayo pa pepala, foni ili patali, mudzaona ngati wamvadi. Mwanayo sakunama akamati wamva. Iye akuyeza ndi mmene akumvera mumtima, pamene mayeso adzayeza ndi zimene dzanja lake lingalembe. Mukamusiya asankhe chida n'kudziyezanso yekha, adzathamangira chida chokoma, ndipo adzadzipatsa malikisi onse.

Zimene zinachitika ku Romania

Akafukufuku amene tatchulawa anachitikira m'makalasi. Kuti tione zimene zimachitika chida chikalowa m'nyumba ya anthu opeza movutikira, tipite ku Romania, dziko la kum'mawa kwa Ulaya.

Boma la kumeneko linali ndi ndondomeko yotchedwa Euro 200. Mabanja osauka okhala ndi ana a sukulu ankapatsidwa makuponi a mayuro 200 ogulira kompyuta, monga mmene kwathu kuno timadziwira makuponi a feteleza. Mu 2008 makuponi pafupifupi 35,000 anaperekedwa. Mabanja anandandalikidwa potengera ndalama zimene amapeza, ndipo boma linadula mzere: a pansi pa mzerewo analandira, a pamwamba pake sanalandire. Choncho panali mabanja ambiri ofanana pa umphawi, ena ali ndi kompyuta, ena alibe, kusiyana kwawo kuli kandalama kochepa chabe. Ofufuza awiri, Ofer Malamud ndi Cristian Pop-Eleches, anafunsa mabanja oposa 3,000 oterewa, ndipo zotsatira zinasindikizidwa mu 2011.

Ana a m'mabanja olandira makuponi anaidziwa bwino kompyuta kuposa anzawo, ndipo anachitanso bwino pa mayeso ena oyesa kaganizidwe. Koma malikisi awo a kusukulu pa masamu, Chingerezi ndi chiyankhulo chawo cha Chiromania anatsika. Chifukwa chake chinaoneka poyera. Makompyuta ambiri anali ndi masewera, ndipo ochepa okha ndi amene anali ndi mapulogalamu ophunzitsa. Nthawi imene ana ankathera pa homuweki ndi pa kuwerenga inachepa.

Mfundo imene ikutikhudza kwambiri ife makolo ili mu zimene ofufuzawo anapeza atafunsa za malamulo a pakhomo. M'mabanja ena munali lamulo la homuweki, loti ntchito ya kusukulu ichitike. M'mabanja oterewa kutsika kwa malikisi kunachepa, ndipo luso la ana pa kompyuta silinaonongeke. M'mabanja ena munali lamulo la kompyuta, loletsa kapena kuchepetsa kuigwiritsa ntchito. Kumeneko luso la pa kompyuta linachepa, koma malikisi sanakwere.

Kholo limene linalondera chida linataya mbali zonse ziwiri. Kholo limene linalondera ntchito ya kusukulu linapulumutsako malikisi, mwana n'kuphunziranso kompyuta. Tikamalimbana ndi ana athu za maola a pa foni, osafunsa ngati homuweki yalembedwa, tikuchita zimene makolo a gulu loyamba lija ankachita.

Zimene zinachitika pa Biwi

Kwathu kuno nkhaniyi inayesedwanso. Pa sukulu ya pulayimale ya Biwi mumzinda wa Lilongwe, Nicola Pitchford wa pa yunivesite ya Nottingham ku England anachita kafukufuku ndi ana 318 a Sitandade 1 mpaka 3, mothandizidwa ndi bungwe la VSO. Zotsatira zinasindikizidwa mu 2015. Ana anagawidwa m'magulu atatu mochita maere. Gulu loyamba linkagwiritsa ntchito matabuleti okhala ndi pulogalamu ya masamu ya m'Chichewa, yopangidwa ndi bungwe la onebillion, mphindi 30 pa tsiku kwa masabata 8. Gulu lachiwiri linkagwiritsa ntchito matabuleti omwewo kwa nthawi yomweyo, koma okhala ndi mapulogalamu ena osakhudza masamu. Gulu lachitatu linkaphunzira m'kalasi monga mwa masiku onse.

Mu Sitandade 2 ndi 3, ana a pulogalamu ya masamu anaposa magulu ena onse awiri. Mu Sitandade 3 kupambanako kunaonekanso pamene anawo anayesedwa ndi pensulo pa pepala. Tabuleti yopanda masamu sinapereke phindu limenelo, ngakhale inali yamtengo womwewo ndipo ana ankaigwira nthawi yofanana.

Taonani mmene ufulu wa mwana unagawidwira m'pulogalamu ya masamu ija. Mwana aliyense ankayenda pa liwiro lake, atavala mahedifoni, n'kumabwereza pamene sanamve. Koma mitu yake inatsata silabasi, ndipo mutu uliwonse unkathera pa kamayeso koti mwana akhoze. Liwiro linali la mwana, cholinga ndi muyeso zinali za aphunzitsi. Kuyambira mu 2023 Unduna wa Zamaphunziro, pamodzi ndi mabungwe a Imagine Worldwide, onebillion ndi VSO, ukufalitsa matabuleti otchajidwa ndi sola kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4 kudzera mu ndondomeko ya BEFIT, ndipo cholinga chake n'chakuti afike m'masukulu onse a pulayimale a boma. Ana athu ang'onoang'ono azizolowera tabuleti kusukulu, ndipo akafika kunyumba azipempha foni. Tisaganize kuti foni ya pakhomo ichita zimene tabuleti ya kusukulu ikuchita. Zikufanana pa maonekedwe, koma foni ya pakhomo ilibe njira yolambulidwa kale.

Ku madrasa dongosololi ndi lakale

Dongosolo limene akatswiriwa afikapo, ife timalidziwa kuchokera ku madrasa. Mwana akapatsidwa surah yoti aloweze, amwalimu samulamula njira imodzi yolowezera. Wina amabwereza mokweza mawu, wina amalemba m'kope, wina amasoma ndi mnzake mosinthana, ndipo lero ambiri amamvetsera pa foni. Mawu a Sheikh Mahmoud Khalil Al-Husary a ku Egypt, amene mu 1961 anakhala oyamba kujambulitsa Qur'an yonse m'kasomedwe kodekha ka murattal, amakwana pa memori khadi imodzi ndipo amamveka ngakhale pa foni ya mabatani popanda intaneti. Ndi chida chabwino, ndipo mwana amene wachisankha tisamuletse.

Koma surah imasankhidwa ndi amwalimu, ndipo tsiku likakwana mwana amakhala pamaso pawo n'kusoma osayang'ana. Amwalimu ndi amene amamva ngati siin ndi swaad zikusiyana m'kamwa mwa mwanayo, ndipo ndi iwo amene amanena ngati apitirire ku surah yotsatira. Palibe kholo limene limavomera mawu oti, "Ndamvetsera kakhumi, ndiye kuti ndaloweza." Timati, "Soma timve." Chimene tikupempha n'chakuti mawu omwewa tiwanenenso pa masamu, pa Chingerezi ndi pa Bayoloje.

Mmene tingachitire pakhomo

Choyamba, yambani ndi cholinga, chida chibwere pambuyo. Mwana akapempha foni kapena bandulo, mufunseni kuti, "Ukufuna kuphunzira mutu uti, ndipo udzakhala utaudziwa liti?" Alembe yankho lake pamwamba pa tsamba m'kope. Ngati sangatchule mutu, ndiye kuti sanakonzeke kusankha chida. Kamodzi pa teremu pitani mukaonane ndi aphunzitsi ake kuti mumve mitu imene ikumuvuta.

Chachiwiri, muikireni zida zitatu kapena zinayi zoti asankhepo, ndipo chimodzi mwa izo chikhale chosafuna magetsi. Mwachitsanzo, mwana wa Fomu 3 amene akuphunzira kayendedwe ka magazi angasankhe pakati pa buku lobwereka kusukulu, vidiyo imodzi kapena awiri, mafunso a mayeso akale, ndi kukambirana ndi anzake awiri pakhonde. Ngati wasankha vidiyo, itsitsidwe kamodzi n'kusungidwa mu foni, kenaka intaneti izimitsidwe. Mukatero bandulo imakhalitsa, ndipo mauthenga a anzake samudodometsa pakati pa phunziro.

Chachitatu, mwana anene chifukwa chimene wasankhira chidacho, ndipo akhale nacho kwa masabata awiri. Kunena chifukwa kumamuphunzitsa kuganiza za kaphunziridwe kake. Masabata awiriwo amamuteteza ku chizolowezi chodumphadumpha, lero gulu ili la WhatsApp, mawa pulogalamu iyo, osamaliza chilichonse.

Chachinayi, ndipo ichi ndicho chachikulu, yezani chida chili patali. Sankhani tsiku limodzi pa sabata. Foni ikhale m'thumba mwanu, buku litsekedwe, mwana afotokoze kapena alembe zimene waphunzira. Kholo limene silinapite patali ndi sukulu lisadziderere apa. Muuzeni mwana akufotokozereni m'Chichewa kapena m'Chiyao mmene magazi amachokera mumtima n'kubwereranso. Ngati akudodoma, akubwereza mawu a Chingerezi amene sangawamasulire, kapena akupempha kuti ayang'ane kaye pa foni, mwadziwa kale. Pa masamu, mkulu wake kapena mwana wa aneba wa kalasi yapamwamba angamusankhire masamu asanu a m'buku n'kumuchongera. Yang'ananinso kope la homuweki ngati muli cholembera chofiira cha aphunzitsi.

Chachisanu, chida chikalephera, chisinthidwe popanda chilango. Ngati patatha masabata awiri mwana sakutha kufotokoza mutu uja, muuzeni kuti, "Vidiyo sinakuthandize pa mutu uwu, sankha china pa zotsalazi." Mukamukalipira, ulendo wina adzabisa kulephera kwake. Mukamulola kusankhanso, amaphunzira chinthu chimene adzachifune moyo wake wonse: kuzindikira njira imene imamuthandizadi. Mwina adzapeza kuti vidiyo imamutsegula mutu pa Bayoloje, koma masamu amafuna pensulo ndi pepala.

Chachisanu ndi chimodzi, ufulu uzikula ndi msinkhu. Mwana wa Sitandade 1 mpaka 4 asankhe pakati pa zinthu ziwiri zokha, inu muli pomwepo. Wa Sitandade 5 mpaka 8 asankhe pa zitatu, foni aigwiritse ntchito pabwalo kapena pabalaza pamene aliyense akuona. Wa kusekondale akhoza kubweretsa yekha chida chatsopano chimene wamva kwa anzake, akuonetseni, kenaka chilowe m'dongosolo lomweli la masabata awiri ndi muyeso. Dziwaninso kuti eni ake a WhatsApp, Facebook ndi TikTok salola mwana wosakwana zaka 13 kukhala ndi akaunti yakeyake. Manotsi a mwana wamng'ono abwere pa nambala ya kholo.

Chachisanu ndi chiwiri, foni ikakhala imodzi, lembani ndandanda. Popanda ndandanda, foni imathera m'manja mwa mnyamata wamkulu, pamene mlongo wake ali kumadzi kapena kukhitchini, ndipo akamamaliza ntchito batire yatha. Mtsikanayo adzalemba mayeso omwewo a MANEB. Amene ali m'kalasi ya mayeso chaka chimenecho, kaya ndi mnyamata kaya ndi mtsikana, apatsidwe nthawi yoyamba foni ikangochoka kotchaja.

Mapulogalamu oyankha mafunso

Pali chida china chimene ana a kusekondale ayamba kuchisankha, nthawi zambiri makolo osadziwa. Pulogalamu ya ChatGPT inatuluka kumapeto kwa 2022, ndipo kuyambira mu 2024 Meta AI ikupezeka m'kati mwa WhatsApp kuno ku Malawi. Mwana amalemba funso, yankho n'kubwera nthawi yomweyo, m'Chingerezi chosalala. Mapulogalamuwa akhoza kufotokoza mutu wovuta m'mawu osavuta, ndipo akhoza kumufunsa mwana mafunso oti adziyese nawo. Koma amalakwitsanso, ndipo akalakwitsa amayankha molimba mtima ngati mmene amayankhira akalondola. Komanso akhoza kulemba homuweki yonse, mwana n'kungokopera.

Apa ndi pamene muyeso wa chida chili patali umaonetsa ntchito yake. Kope likhoza kudzaza ndi mayankho okongola, koma mwana amene anangokopera sangafotokoze ndime imene walemba. Mufunseni kuti, "Liwu ili likutanthauza chiyani? Pa samu iyi, nambala iyi yachokera pati?" Yankho lililonse la pulogalamu lifanizidwe ndi buku la kusukulu. Ndipo funso lokhudza malamulo a Dini lipite kwa ma Sheikh odziwika, amene akhoza kufunsidwa kumene atenga yankho lawo.

Zosasankhitsa

Zinthu zina sizilowa m'gulu la zosankha, chifukwa zimateteza mwana mwiniyo. Usiku foni igone m'chipinda cha makolo, kuti mwana agone tulo tokwanira ndipo asacheze ndi anthu osawadziwa pamene nyumba yonse ili m'tulo. Nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena ya Mpamba isaperekedwe kwa mwana, popeza masamba obetcherana ali pafupi kwambiri ndi masamba ophunzirira. Wina akalonjeza pa gulu kuti ali ndi mafunso a mayeso amene akubwera, mwana atulukemo ndipo akuuzeni. Kubera mayeso ndi mlandu, ndipo ambiri olonjeza zoterezi amangofuna ndalama. Malamulo awa sakweza malikisi paokha, monga taonera ku Romania. Ntchito yawo ndi kusunga tulo, ndalama ndi ulemu wa mwana.

Mawu kwa aphunzitsi

Kwa aphunzitsi a kusukulu ndi a ku madrasa pempho lathu ndi limodzi. Mukamalola ophunzira kusankha zida, onetsetsani kuti pa zosankhazo pali chimodzi chimene mwana wopanda foni angachikwanitse, ndipo chisamachepetse malikisi ake. Manotsi otumizidwa pa WhatsApp alembedwenso pa bolodi. Ntchito yoti ijambulidwe pa foni iloledwenso kufotokozedwa pakamwa kutsogolo kwa kalasi. Kupanda kutero, ufulu wosankha umakhala wa ana a m'mabanja opeza bwino okha, ndipo mwana wamasiye amalangidwa pa chinthu chimene sanalakwe.

Abale ndi alongo, sitikufunika kudziwa foni kuposa ana athu kuti tiwatsogolere. Mbali ya chida tiwasiyire, aiphunzira okha ndipo aiphunzira msanga. Mbali yathu ndi mafunso awiri amene kholo lililonse lingafunse, lophunzira ndi losaphunzira lomwe. Loyamba ndi la Lolemba: "Sabata ino ukuphunzira chiyani, ndipo wasankha kuphunzira ndi chiyani?" Lachiwiri ndi la kumapeto kwa sabata, foni ili m'thumba mwathu: "Tandiuza zimene waphunzira." Tiyambe sabata ikubwerayi, ndi mwana mmodzi ndi mutu umodzi, InshaAllah.

Allah awapatse ana athu maphunziro aphindu, ndipo atipatse ife kupirira powalera.